Wotsalira m'Nyumba bajeti ikawerengedwa: mbiri ya ofesi ya Financial Secretary ku Britain

Tsiku la bajeti ku Britain limadziwika ndi chithunzi chimodzi. Nduna ya zachuma, yomwe kumeneko amaitcha Chancellor of the Exchequer, imaima pakhomo la nyumba nambala 11 mumsewu wa Downing Street itakweza m'mwamba kachikwama kofiira, atolankhani n'kumajambula. Ikafika ku Nyumba ya Malamulo imalankhula pafupifupi ola lathunthu, kenaka n'kukhala pansi. Komatu zimene yalankhulazo zimakhala zisanasanduke lamulo lokhazikika. Pamatsala bilu ya misonkho, nthawi zina ya masamba mazanamazana, yomwe aphungu amayenera kuiunika ndime ndi ndime kwa masabata angapo. Nduna yaikuluyo sikhalira zimenezo. Kwa mibadwo yambiri, wotsalira m'Nyumbamo kuti ayankhe funso lililonse wakhala nduna yaing'ono yotchedwa Financial Secretary to the Treasury.

Ofesiyi ili ndi zaka zoposa 300, ndipo mbiri yake ndi yachilendo. Maofesi ambiri amakula boma likamakula. Iyi yakhala ikuchepa. Nthawi iliyonse imene katundu wake walemera kwambiri, boma lakhala likudulapo gawo n'kulipatsa munthu wina, ndipo kawirikawiri wolandira gawolo ndiye amatsala ndi ulemu waukulu.

Chiyambi: mlembi wa akuluakulu asanu

Kalekale chuma cha mfumu ya England chinkasungidwa ndi munthu mmodzi wa m'gulu la olemekezeka, Lord High Treasurer. Mu 1667 yemwe adali pampandowo, Earl of Southampton, adamwalira pa nthawi imene nkhondo yolimbana ndi dziko la Holland idali itakokolola mosungira chuma. Mfumu Charles II sidasankhe wolemekezeka wina. Idaika akuluakulu asanu kuti aziyendetsa limodzi Treasury, ofesi yosunga chuma cha boma, ndipo akuluakuluwo adalemba George Downing kukhala mlembi wawo. Anzake ambiri sankamukonda, poti adatumikirapo boma la Oliver Cromwell kenaka n'kutembenukira kwa mfumu mphepo itasintha. Koma pa ntchito adali katswiri. Adakhazikitsa mabuku olembamo zigamulo zonse za akuluakuluwo, ndipo adalimbikira kuti nthambi za boma zisamatulutse ndalama popanda chilolezo cha Treasury. Msewu wa Downing Street umadziwika ndi dzina lake chifukwa ndiye adamangitsa nyumba za kumeneko.

Kuti timvetse zimene Downing adapeza, tione momwe malisiti a boma ankalembedwera masiku amenewo. Munthu akapereka ndalama, kalaliki ankatenga kamtengo n'kusemapo mizere yosonyeza kuchuluka kwa ndalamazo: mzere waukulu wa mapaundi ambiri, waung'ono wa masheleni. Akatero ankang'amba kamtengoko pakati mwamlitali, chibenthu chimodzi n'kupatsa wolipirayo, china n'kusunga. Pa tsiku lowerengera ankalumikiza zibenthu ziwirizo, ndipo mizere ikapanda kugwirizana ankadziwa kuti wina wachita chinyengo. Timitengoti adasiya kutigwiritsa ntchito mu 1826, ndipo pa 16 Okutobala 1834, antchito atauzidwa kuti atitenthe m'ng'anjo za pansi pa Nyumba ya Malamulo, moto udapitirira n'kupsereza pafupifupi nyumba yonseyo.

Chimene chidasandutsa mlembi kukhala wandale ndi kusintha kwa 1689. Kuyambira chaka chimenecho zidakhazikika kuti mfumu singatolere msonkho popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu adayamba kukumana chaka ndi chaka. Nkhondo zolimbana ndi France zinkadya ndalama zochuluka, boma lidayamba kukongola kwambiri, ndipo mu 1694 Bank of England idatsegulidwa. Pamafunika munthu wodziwa mabuku a Treasury yemwenso angaime pakati pa aphungu n'kuwafotokozera msonkho watsopano. Munthuyo adali William Lowndes. Iye adayamba ngati kalaliki wamba, adakhala mlembi mu 1695, ndipo adakhala pampandowo mpaka imfa yake mu 1724. Maboma ankabwera n'kupita, koma mabilu a ndalama ankadutsa m'manja mwa Lowndes.

Mu 1711 Robert Harley, yemwe ankatsogolera boma la Mfumukazi Anne, adaona kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo adawonjezera mlembi wachiwiri. Mpandowo adaupereka kwa mbale wake, Thomas Harley. Apa ndi pomwe mbiri ya ofesi ya Financial Secretary imayambira kuwerengedwa, ngakhale kuti dzinali lidadzakhazikika patapita nthawi yaitali. Zaka ziwiri pambuyo pake, mu 1713, aphungu adakhazikitsa lamulo la m'Nyumba loti pempho lililonse logwiritsa ntchito ndalama za boma lisamakambidwe pokhapokha litachokera ku boma lenilenilo. Lamuloli lidatseka khomo loti phungu aliyense azingodzuka n'kupempha ndalama za kwawo, ndipo mfungulo za khomolo zidatsala ku Treasury. Kuyambira 1714 mpando wa Lord High Treasurer sudadzazidwenso. Mtsogoleri wa akuluakulu a Treasury ndiye pang'onopang'ono adasanduka nduna yaikulu ya dziko, kuyambira ndi Robert Walpole mu 1721.

Mabuku kudzanja lamanja, mavoti kudzanja lamanzere

M'zaka za m'ma 1700 alembi awiriwo sankangowerengera ndalama. Treasury ndiyo inkagawa ntchito zambirimbiri za m'boma, makamaka za otolera msonkho m'madoko ndi m'matauni, komanso makontrakiti ndi mapenshoni. Phungu wofuna kuti mphwake alembedwe ntchito ankagogoda kwa mlembi wa Treasury, ndipo mlembiyo ankakumbukira bwino lomwe tsiku lovota likafika. Padalinso thumba lachinsinsi lomwe ndalama zake sizinkafotokozedwa kwa aphungu.

Walpole atagwa mu 1742, adani ake adakhazikitsa komiti yofufuza momwe ndalama za thumba limeneli zidayendera. Adaitanitsa John Scrope, mlembi yemwe adalowa m'malo mwa Lowndes, pa nthawiyo ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 80. Scrope adakana kwamtuwagalu kuyankha, ponena kuti ndalamazo amazifotokoza kwa mfumu yokha basi. Komitiyo idasowa chomuchita, ndipo iye adakhalabe pampando mpaka 1752. Wina wotchuka pa ntchito yosamala mavoti adali John Robinson, mlembi wa m'nthawi ya nduna yaikulu Lord North, yemwe ankasunga ndandanda wa madera onse a aphungu ndi momwe dera lililonse lingapendekere. Luso lakelo lidathandizanso William Pitt wamng'ono pokonzekera chisankho cha 1784.

Ntchito ziwirizi, kusunga mabuku ndi kusaka mavoti, sizikadakhalira limodzi mpaka kalekale. Anthu atayamba kudandaula za katangale, makamaka Britain itagonja pa nkhondo ya ku America, kudula koyamba kudachitika. Mu 1805 boma lidalemba George Harrison kukhala wothandizira alembi, munthu wosalowa ndale, wosachoka boma likasintha. Mpando wakewo ndiwo mu 1867 udasanduka wa mlembi wamkulu wa Treasury, ndipo ntchito yoyang'anira makalaliki ndi mafayilo idachoka m'manja mwa andale. Pofika cha m'ma 1830 alembi awiri andale aja nawonso adali atagawana zochita. Mmodzi adatenga zosunga mwambo pakati pa aphungu a chipani cholamula, ndipo mpaka lero Chief Whip wa boma dzina lake la pamalamulo ndi Parliamentary Secretary to the Treasury. Winayo adatsala ndi ziwerengero. Ameneyo ndiye Financial Secretary.

Nthawi ya ulemerero wake

Ofesiyi idafika pachimake m'nthawi ya nduna ya zachuma William Gladstone, yemwe ankakhulupirira kuti ndalama iliyonse ya boma iyenera kuzungulira n'kubwerera pamaso pa aphungu. Maziko adali atayalidwa kale mu 1787, pamene Pitt adalamula kuti misonkho yonse izilowa m'thumba limodzi lotchedwa Consolidated Fund. Gladstone adawonjezera komiti ya aphungu younika momwe chuma cha boma chagwiritsidwira ntchito mu 1861, ndipo lamulo la 1866 lidakhazikitsa mkulu wolondoloza mabuku a boma yemwe amapereka malipoti ake ku Nyumba ya Malamulo.

Pakati pa zonsezi padaima Financial Secretary. Chaka chilichonse maunduna ankatumiza ku Treasury ziwerengero za ndalama zomwe akufuna, ndipo iye ndiye ankalimbana nawo: bwanji makalaliki awonjezeke, bwanji nyumba iyi ikonzedwe chaka chino osati chamawa. Akagwirizana, iye yemweyo ankapereka ziwerengerozo kwa aphungu n'kuziteteza usiku ndi usiku. Ankayankhiranso mabungwe a boma opanda nduna yawoyawo, monga British Museum ndi ofesi yosindikiza mapepala a boma. Sankakhala m'kabineti, koma panalibe nduna ya m'kabineti yomwe ikadamunyalanyaza.

N'chifukwa chake mpandowu udadziwika kuti ndi khomo lolowera ku maudindo akuluakulu. George Ward Hunt, Hugh Childers, Austen Chamberlain ndi Reginald McKenna onse adadzera pamenepa asanakhale nduna za zachuma. Koma si onse amene kukwezedwa kudawayendera bwino. Lord Frederick Cavendish, yemwe adakwatira mwana wa mchemwali wa mkazi wa Gladstone, adatumikira pampandowu kuyambira 1880. Mu 1882 adamukweza kuti akayendetse nkhani za Ireland, ndipo pa 6 Meyi, tsiku lomwelo limene adafika ku Dublin, adabayidwa mpaka kufa akuyenda mu Phoenix Park.

Kalata yopanda dzina

Nkhani yodziwika kwambiri ya ofesiyi ndi ya Stanley Baldwin. Iye adali mwana wa banja la mafakitale a zitsulo ku Worcestershire, phungu wosalankhulalankhula yemwe anthu ambiri sankamuwerengera. Mu 1917 nduna ya zachuma Andrew Bonar Law idamupatsa mpando wa Financial Secretary mogawana ndi Hardman Lever, yemwe nthawi zambiri ankakhala ku America pa nkhani za ngongole zankhondo. Motero ntchito ya m'Nyumba idagwera Baldwin.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idakweza ngongole ya Britain kuchoka pa mapaundi pafupifupi 650 miliyoni kufika pa mapaundi oposa 7,000 miliyoni. Baldwin ankaziona ziwerengerozi tsiku ndi tsiku, ndipo ankadziwanso kuti mabizinesi ngati a banja lake adapindula ndi nkhondoyo pamene ana a anzawo ankafera kunkhondo. Mu Juni 1919 nyuzipepala ya The Times idasindikiza kalata ya munthu wosatchula dzina. Wolembayo adati wawerengera chuma chake chonse n'kupeza kuti chikukwana mapaundi 580,000, ndipo waganiza zopereka gawo limodzi mwa magawo asanu, pafupifupi mapaundi 120,000, kuti agule zikalata za ngongole ya boma n'kuzibweza kuti zifafanizidwe. Adapempha olemera anzake kuchita chimodzimodzi. Pansi pa kalatayo padangolembedwa zilembo zitatu, F.S.T., zomwe zidali zilembo zoyambirira za udindo wake, koma anthu ambiri sadazindikire kuti wolembayo ndi nduna. Olemera amene adatsatira chitsanzocho adali ochepa zedi, ndipo zonse zimene zidasonkhedwa sizidafike ngakhale mapaundi 1 miliyoni. Ngongole idatsala momwemo. Baldwin adakhala nduna ya zachuma mu 1922 ndi nduna yaikulu mu 1923.

Boma likula, mpando uchepa

Nkhondo yachiwiri itatha, boma la Britain lidasenza zinthu zomwe Gladstone sakadazilota: zipatala zaulere, migodi ya malasha, njanji, mapenshoni a anthu onse. Mu Novembala 1947 Hugh Dalton adatula pansi udindo wa nduna ya zachuma atauza mtolankhani zina za m'bajeti mphindi zochepa asanaiwerenge. Stafford Cripps, yemwe adalowa m'malo mwake, adabweretsa ku Treasury ntchito yokonza mapulani a chuma cha dziko, ndipo padakhazikitsidwa nduna yaing'ono yachiwiri, Economic Secretary. Woyamba pampandowo adali Douglas Jay.

Chimene chidaonetsa poyera kufooka kwa dongosolo lakale ndi mkangano wa Januwale 1958. Nduna ya zachuma Peter Thorneycroft inkafuna kuti ndalama zogwiritsa ntchito boma zisapitirire za chaka chapitacho, pofuna kuteteza mphamvu ya paundi ndi kuletsa kukwera kwa mitengo. Kumbuyo kwake kudali nduna zake zazing'ono ziwiri zouma mtima pa nkhaniyi, Enoch Powell yemwe adali Financial Secretary, ndi Nigel Birch yemwe adali Economic Secretary. Nduna za m'kabineti zidadulako zina, koma zidakana kukhudza ndalama zothandizira mabanja. Kusiyana kudatsala pa mapaundi pafupifupi 50 miliyoni. Pa 6 Januwale atatu onsewo adatula pansi maudindo tsiku limodzi. Nduna yaikulu Harold Macmillan, ikunyamuka ulendo woyendera mayiko a Commonwealth, idapeputsa nkhaniyo ngati timavuto tating'ono ta pakhomo.

Komabe funso lidatsala: kodi nduna yosakhala m'kabineti ingakanize bwanji ndalama nduna ya zaumoyo kapena ya zachitetezo, zomwe zili pamwamba pake? Mu 1961 komiti ya Lord Plowden idalangiza kuti boma lizikonza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama poyang'ana zaka zingapo kutsogolo, osati chaka chimodzichimodzi. Mu Okutobala chaka chomwecho Macmillan adakhazikitsa mpando wa Chief Secretary to the Treasury n'kuupereka kwa Henry Brooke, yemwe adakhalapo Financial Secretary, ndipo adamulowetsa m'kabineti. Ntchito yolimbana ndi maunduna, yomwe idali msana wa ofesi yakaleyo kwa zaka zoposa 100, idasamukira kumeneko. Financial Secretary adachoka pa nambala yachiwiri ku Treasury n'kutsikira pa yachitatu.

Zimene zidatsala

Chidatsala ndi msonkho, ndipo si ntchito yamasewera. Msonkho wa pa malipiro, womwe Pitt adauyambitsa mu 1799 ndipo Robert Peel adaubwezeretsa mu 1842, mpaka lero umayenera kuvomerezedwanso ndi aphungu chaka chilichonse. Ndime zikuluzikulu za bilu ya misonkho zimakambidwa m'Nyumba yonse, koma zambiri zimapita ku komiti yomwe imakumana m'chipinda cha pamwamba. Mmenemo mulibe khamu la atolankhani. Nduna yaing'ono imakhala kutsogolo ndi chifayilo chochindikala, ndime iliyonse ili ndi pepala lake. Cha pafupi ndi wapampando pamakhala akatswiri a ku Treasury ndi a ku bungwe lotolera misonkho, omwe saloledwa kulankhula. Phungu wa chipani chotsutsa akafunsa kuti ndime yakutiyakuti ikhudza bwanji mlimi wobwereka munda kapena kampani yokhala ndi nthambi kunja, katswiri amalemba yankho mofulumira pa kapepala, kapepalako n'kudutsa m'manja mwa phungu wothandizira ndunayo mpaka kufika kutsogolo. Nduna yosadziwa bilu yake imaonekera pomwepo, chifukwa imangozungulira podikira kapepala. Ndipo liwu limodzi lolakwika m'ndime likhoza kutsegula mpata woti boma litaye mamiliyoni.

Mphamvu ya mpandowu kuyambira 1961 yakhala ikudalira kwambiri munthu wokhalapo. Nigel Lawson, yemwe adaukhala kuyambira 1979 mpaka 1981 pansi pa nduna ya zachuma Geoffrey Howe, adali m'gulu la amene adalimbikitsa kuchotsa malamulo oletsa kutulutsa ndalama kunja mu 1979, ndiponso ndiye adali mmisiri wamkulu wa ndondomeko ya 1980 yochepetsa kubwereka kwa boma ndi kuchuluka kwa ndalama kwa zaka zingapo. John Moore adayang'anira kugulitsa makampani a boma m'nthawi imene British Telecom idagulitsidwa mu 1984. Pa 7 Febuluwale 1992 Francis Maude adasaina nawo pangano la Maastricht m'malo mwa nduna ya zachuma Norman Lamont. Dawn Primarolo adakhala mayi woyamba pampandowu mu 1997. Paul Boateng adachoka pamenepa mu 2002 kukakhala Chief Secretary, n'kukhala munthu wakuda woyamba kulowa m'kabineti ya Britain, ndipo pambuyo pake adakakhala kazembe ku South Africa. Lawson, Lamont ndi Sajid Javid onse adadzera pampandowu asanakhale nduna za zachuma.

Wokhala pampandowu ankalandiranso nkhonya zomwe akuluakulu ake ankazilewa. Kuyambira 2005, pamene nthambi ziwiri zotolera misonkho zidaphatikizidwa kukhala HMRC, madandaulo a anthu okhudza bungweli kawirikawiri akhala akufikira pa desiki la nduna yaing'ono. Mkangano wa msonkho wotchedwa loan charge, womwe udakhudza anthu omwe ankalandira malipiro awo ngati ngongole, udavutitsa Mel Stride ndi Jesse Norman motsatizana, mpaka boma lidapempha Amyas Morse kuti aunikenso nkhaniyo mu 2019.

Mthunzi wake ku Nyasaland

Dzina lomweli lidafika m'mayiko olamulidwa ndi Britain, koma ndi tanthauzo lina. Ku Zomba, Financial Secretary sadali nduna yaing'ono. Adali mkulu wa zachuma wa boma la atsamunda, wogwira ntchito m'boma osati wosankhidwa ndi anthu. Henry Phillips adakhala pampandowo kuyambira 1957, ndipo chisankho cha 1961 chitachitika adakhala nduna ya zachuma. Udindo wofanana ndi wa nduna yaing'ono udapita kwa Dunduzu Chisiza, yemwe adaikidwa kukhala Parliamentary Secretary mu unduna wa zachuma, ndipo ambiri ankayembekezera kuti ndiye adzatenge undunawo dziko likadzalandira ufulu. Mu Julayi 1962 adakonza msonkhano wa akatswiri a zachuma ochokera m'mayiko osiyanasiyana ku Blantyre, koma mu Seputembala chaka chomwecho adamwalira pa ngozi ya galimoto ku Thondwe, ali ndi zaka 32. John Tembo ndiye adadzalowa pampando waung'onowo, ndipo mu 1964 adakhala nduna ya zachuma. Thumba limodzi la boma, komiti ya aphungu younika chuma ndi ofesi ya mkulu wolondoloza mabuku a boma, zomwe Malawi ndi Zambia ali nazo lero, zidachokera ku dongosolo lomwe lija la Pitt ndi Gladstone.

Kudula kwaposachedwa

Mu Julayi 2024, boma la Keir Starmer litalowa, nduna ya zachuma Rachel Reeves idagwira ntchito ndi Financial Secretary wochokera ku Nyumba ya Lords ya olemekezeka osasankhidwa ndi anthu, Lord Livermore. Nyumba imeneyo ilibe mphamvu pa misonkho. Idataya mphamvuyo mu 1911, itakana bajeti ya David Lloyd George ya 1909 n'kuyambitsa mkangano waukulu pa malamulo oyendetsera dziko. Choncho ntchito yoyang'anira misonkho ndi HMRC idapita kwa nduna ina yaing'ono, Exchequer Secretary, yemwe pa nthawiyo adali James Murray. Ofesi yomwe idabadwa kuti izidutsitsa mabilu a ndalama pakati pa aphungu osankhidwa idapezeka m'manja mwa munthu yemwe sangaime m'Nyumba yawo.

Ku Britain maudindo a nduna zazing'ono za ku Treasury sadalembedwe mwatsatanetsatane m'malamulo. Nduna yaikulu ndi nduna ya zachuma amagawa ntchito momwe afunira, ndipo boma lotsatira likhoza kubwezera misonkho kwa Financial Secretary mawa lomwe. Wofuna kudziwa komwe kuli mphamvu mu unduna wa zachuma, kaya ku London, ku Lilongwe kapena ku Lusaka, asadalire dzina lolembedwa pachitseko. Afunse kuti ndani amakambirana ndi maunduna za ndalama zawo, ndani amayang'anira otolera msonkho, ndipo ndani amayankha aphungu bilu ikafika pa ndime zomwe palibe nyuzipepala idzazilembe. Mu 1711 mayankho a mafunso ngati amenewa ankaloza kwa alembi awiri. Lero amaloza kwa nduna zingapo ndi gulu lalikulu la akatswiri.